Ng'oma ya Eyitini ya ku Katuli

Chaka chomwe ndinagula madiramu ndinkaphunzitsa sitandade sikisi pa sukulu ina ya pulayimale kwa Mponda, ndipo Loweruka lililonse ndinkaimba m'bandi. Ndikati bandi musaganize zambiri. Tinalipo anthu anayi. Wa gitala anali wometa tsitsi pafupi ndi depoti, wa kiyibodi ankakonza mafoni pamsika, woimba mawu anali mayi wina wogulitsa nsomba zouma amene tonse tinkawaitana kuti achemwali, ndipo ine ndinali wa madiramu wopanda madiramu. Kiyibodi ija inali ndi kabatani koti ukadina imayamba kuliza yokha ng'oma, ndiye ntchito yanga inali kukhala kumbuyo ndi ng'oma imodzi ya chikopa cha mbuzi pakati pa miyendo, n'kumathandiza makinawo. Makinawo sankafuna thandizo. Pa ukwati wina ndinatuluka kukataya madzi nyimbo ili mkati, ndipo nditabwerako palibe ndi mmodzi yemwe amene anazindikira kuti ndinachokapo.

Zinthu zinasintha chifukwa cha bwana wa kaloji kena cha ku Makokola. Ankafuna bandi yoti iziimba Lamlungu masana alendo akamadya, ndiye anatiitana kuti akatimve. Anamvera nyimbo ziwiri, manja ali m'thumba, kenaka anati:

"Kuimba mumaimba. Koma alendo anga amafuna kuona munthu akumenya madiramu enieni, osati kudina kabatani. Mukawapeza mudzabwere."

Pobwerera m'minibasi anzanga atatu aja ankangondiyang'ana ngati ine ndiye ndawabisa madiramuwo.

Nditafika kunyumba n'kunena kuti ndikufuna kugula madiramu, mkazi wanga anakondwa kwambiri. Anati zikomo abambo, tavutika nthawi yaitali, mpopi ukauma tizikhala ndi posungira madzi, ndipo ngati n'kotheka ndigule apulasitiki abuluu aja chifukwa achitsulo sachedwa kuchita dzimbiri. Nditalongosola madiramu omwe ndinkanena, anangopitiriza kusita malaya.

Atsopano ndinafunsa mtengo wake pa foni ku sitolo ina ya ku Blantyre. Munthuyo atautchula ndinamuuza kuti netiweki ikuvuta, n'kudula. Ndalama imeneyo ukhoza kugula njinga yamoto, n'kutsalako ina ya mafuta. Ndiye tinayamba kufufuza akale.

Amene anawapeza ndi wometa uja, poti m'shopu yake mumadutsa nkhani zonse za m'tauni. Kasitomala wina anamuuza kuti ku Katuli kuli bambo wina wochokera ku Mozambique, amene anabwera nthawi ya nkhondo n'kukhazikika komweko. Amalima nandolo ndi chimanga, komanso amagulitsa katundu wakale wochokera kutsidya kwa malire: mawailesi, mashini osokera, mafiliji. Bamboyo anali ndi madiramu athunthu omwe bandi ina ya kwawo inasiya itatha. Tinamuimbira. Mtengo unali woti ndikhoza kuufikira popanda kugulitsa njinga yanga yakapalasa. Koma pomaliza anawonjezera mawu amene anandisowetsa mtendere milungu itatu.

"Ng'oma yaikulu ija yapansi, yomenya ndi phazi, zilipo ziwiri, amigo. Pakamwa n'chimodzimodzi. Koma ina kuya kwake ndi mainchesi fotini, inayo eyitini. Mtengo susintha. Musankhe imodzi."

Akanangonena kuti ilipo imodzi, ndikanaitenga n'kumakhala mwamtendere. Ine kumenya madiramu ndinaphunzirira pa a tchalitchi china ndili ku koleji ya uphunzitsi, ndipo sindinayezepo kuya kwa ng'oma yake. Ndinkangoponda, iyo n'kulira. Koma nkhani itangomveka kuti pali fotini ndi eyitini, aliyense wondidziwa anasanduka katswiri.

Woyamba anali wa kiyibodi. Anagula bandulo, ndipo tonse anayi tinapanikizana m'kashopu kake kuonera vidiyo pa foni. Mzungu wina wandevu, ali m'chipinda chomata masiponji m'makoma, anafotokoza kwa theka la ola kuti ng'oma yosaya imalira mwachidule, mawu ake amatuluka msanga n'kutha msanga, ndipo phazi silitopa. Yakuya, anatero, imalira mokhuthala, mawu ake amachedwa kutha, ndipo imafuna mwendo wamphamvu ndi malo aakulu. Kenaka anati tsopano tamverani kusiyana kwake. Anaponda yoyamba. Foni inati "tu". Anaponda yachiwiri. Foni inati "tu".

"Mwamva?" anatero wa kiyibodi. "Kusiyana kwake sikobisika."

"Zedi," anavomera wometa. "Yachiwiriyo ili ndi ulemerero."

Achemwali anati iwo angomva ngati munthu wagogoda kawiri chitseko cha bafa. Tinawauza kuti nkhani za zida n'zovuta kwa anthu oimba ndi pakamwa. Tinabwereza vidiyoyo mpaka bandulo inatha, ndipo ine ndinatuluka ndikugwedeza mutu ngati munthu amene wamvetsa, chonsecho ndinali nditamva zomwe anamva achemwali.

Masiku omwewo alamu anga, mchimwene wa mkazi wanga, anali atabwera kuchokera ku Joni kudzaona nyumba yomwe ankamangitsa. Ku Joniko amathirira maluwa pa nyumba ya anthu ena, koma akabwera kuno palibe nkhani yomwe saidziwa: mankhwala a shuga, ndale za maiko akunja, chifukwa chake chambo chikusowa m'nyanja. Anadzatichezera, anakhala pa sofa, anavula magalasi akuda n'kuwakoloweka pa kolala.

"Alamu, musandichititse manyazi," anatero. "Ku Joni fotini ndi ya ana a sukulu ya mkaka. Anthu enieni amamenya eyitini, ena mpaka twente. Ukaiponda, mawindo a galimoto zoima panja amanjenjemera. Komanso taganizani: wina atakuuzani kuti mtengo ndi umodzi, mungasiye lole n'kutenga wilibala?"

Ndinawafunsa ngati anamenyapo ng'oma yoteroyo.

"Kumenya ayi," anayankha. "Koma ndinayandikirapo."

Mkazi wanga anali ndi funso limodzi lokha: zinthuzi zizigona pati? Nyumba yomwe tinkakhala inali ya zipinda ziwiri ndi kabalaza kakang'ono. Anandiuza kuti ndimuonetse ndi manja kuti fotini imafika pati, eyitini pati. Anatenga chitenje, anayeza mpata wa pakati pa sofa ndi kabati ya mbale, n'kunena kuti yaing'onoyo ndiyo ilowe muno. Ndinamuuza kuti chida choimbira sasankha ndi chitenje.

Ngakhale aneba athu, bambo wachikulire wachisilamu amene ankasoka zovala pakhonde pake, anandiimitsa m'mawa wina ndikupita kusukulu.

"Aphunzitsi, ndamva kuti zilipo ziwiri. Ya mawu ochepa ndi iti?"

"Akuti fotini."

"Basi, Mulungu wakusankhirani kale," anatero, n'kubwerera ku mashini awo.

Pomaliza bandi inachita msonkhano. Wometa ndi wa kiyibodi anati eyitini. Achemwali anati fotini, ndipo chifukwa chawo sichinakhudze nyimbo ngakhale pang'ono.

"Ine ndimanyamula madengu tsiku ndi tsiku," anatero. "Mainchesi anayi mukuwapeputsawo mudzawamva pokweza pa kabaza."

Ine, monga mwini wake wa ndalama ndi wa phazi, ndinalengeza kuti ndikasankha komweko ndikakamva ndi makutu anga.

Ndinanyamuka Loweruka m'mawa. Tinaoloka mlatho wa Shire, tinakwera mapiri, kenaka tara anatha, tinalowa msewu wafumbi pa galimoto yamatola yomwe inkaima paliponse pomwe munthu wakweza dzanja, ngakhale wongokanda m'mutu. Ndinafika ku Katuli dzuwa lili paliwombo, tsitsi ndi nsidze zili zofiira. Bambo uja anandilandira bwino. Anali munthu wamfupi, wosathamanga poyankhula, Chichewa chake chosakaniza ndi Chiyao ndi mawu ena a kwawo. Akazi awo anandipatsa madzi osamba kumaso ndi chinangwa chophika, kenaka madiramu anayamba kutulutsidwa n'kumaikidwa pansi pa mtengo wa mango: ting'oma tiwiri tapamwamba, ina ya miyendo yake, kang'oma kaphokoso ka pakati pa mawondo, mbale zachitsulo zitatu, imodzi yong'aluka m'mphepete, ndi chopondera. Fotini anaitulutsa kuseri kwa chitseko. Eyitini inachedwa.

Chomwe inachedwera n'chakuti inali pa ntchito. Mayi aja anali atachotsa chikopa chapulasitiki cha mbali imodzi, n'kuiimika ngati mbiya, n'kuthiramo nandolo kuopa makoswe. Tinayala mphasa, tinakhuthula nandoloyo, tinaigwedeza, tinabwezeretsa chikopa n'kumanga mabawuti. Pomwe tinkamaliza, pabwalopo panali patadzaza anthu: amayi ochokera kumjigo, abambo ochokera kumunda, ndi wina amene anangoimitsa njinga yake ya makala.

Ndinayamba ndi fotini. Ndinaponda: dup. Ndinapondanso: dup, dup. Mawu ake anali aafupi, oyera, ndipo chopondera chinkabwerera chokha ngati chikudziwa chomwe phazi likufuna. Ndinayamba kamayimbidwe ka nyimbo za paukwati, ndipo ndinaona amayi awiri akugwedeza m'chiuno zidebe zili pamutu. Ndinene zoona pano, poti papita zaka: phazi langa linasankha nthawi yomweyo.

Kenaka tinaikapo eyitini. Ndinaponda kamodzi. Inati duuuum. Nkhuku zinabalalika, galu anatuluka pansi pa nkhokwe akuuwa, ndipo ine ndinaimva m'chifuwa momwe. Anthu onse anati "Eeee!" Wa makala uja anavula chipewa.

"Iyi ndiye ya amuna," anatero.

Phazi linkamva ngati likuponda m'matope a kudambo. Ndikafuna kuthamanga, ng'omayo inkatsalira m'mbuyo ikumalizitsa mawu oyamba aja. Koma panja, pansi pa mtengo wa mango, pamaso pa anthu makumi atatu, inkamveka ngati bingu, ndipo ine ndinkaoneka ngati mwini wake wa bingulo.

Ndinafunsa bambo uja kuti yabwino ndi iti.

"Amigo, ine ndimangogulitsa," anayankha. "Yomwe mwaikonda ndiyo yabwino."

Apo n'kuti akazi awo atakhala pa mphasa pafupi ndi mulu wa nandolo. Anati:

"Tengani yaing'onoyo, achimwene. Yaikuluyi tisiyireni."

Mawu amenewo ndiwo anandimaliza. Ndinadziuza mumtima kuti ndawagwira. Ngati eni ake akuikakamira, ndiye kuti yabwino ndi imeneyi, akufuna andipusitse ndi yotsika. Sindinaganizeko n'komwe kuti mayiwo angofuna pobwezera nandolo wawo. Ndinaimirira, ndinasasa fumbi pa thalauza, n'kunena mokweza kuti aliyense amve:

"Nditenga eyitini."

Anthu anaomba m'manja. Mayi aja anapita kukafuna matumba.

Ulendo wobwerera sindiuiwala. Woyendetsa matola anati ng'omayo ikhala malo a anthu awiri, ndipo ine ndinakhala pamwamba pa thumba la chinangwa nditaikumbatira ngati wodwala. Galimoto ikagunda dzenje, inkalira yokha, ndipo nandolo wina wotsalira mkati ankayankha. Kuchokera pa depoti kupita kunyumba ndinatenga akabaza atatu. Amene ananyamula eyitini anaiyang'ana, anandiyang'ana, n'kunena kuti ananyamulapo matumba a simenti, ananyamulapo mbuzi ziwiri pakamodzi, koma chinthu chotere chimakoka mphepo. Tinaimanga ndi malamba a mphira kanayi tisanafike kwa Mponda.

Pakati pa sofa ndi kabati sinalowe. Mpata unaperewera ndi mainchesi anayi. Tinatulutsa tebulo n'kuliika pakhonde, ng'oma n'kukhala pakati pa balaza. Patatha masiku awiri ndinapeza mkazi wanga ataigoneka chopingasa, ataiyalira kansalu koluka, pamwamba pali maluwa apulasitiki. Alendo ankaikapo makapu a tiyi. Alamu anabwera kudzaiona, anaizungulira kawiri, anaigogoda ndi kiyi wa galimoto yobwereka, n'kunena kuti tsopano nyumba ino yalemekezeka.

Koyamba kuimba nayo kunali pa ukwati wa m'holo ina ya m'tauni, ya makoma asimenti, denga lamalata lopanda siling'i. Inali nthawi ya masana, kukutentha monga kumatenthera kwathu kuno. Akwati atafika pakhomo, wolengeza mwambo anatipatsa chizindikiro, ndipo ine ndinaponda ndi mtima wonse.

Mawu aja anatuluka, anakagunda khoma la kumbuyo, anabwerera n'kukumana ndi anzawo omwe ndinali nditangowatulutsa kumene. Malata anayamba kulira. Fumbi la zaka zambiri linatsika kuchokera ku mapaso, pamodzi ndi zitosi za mileme, kenaka mileme yomwe. Atsikana operekeza mkwati anakuwa n'kusokoneza sitepe yomwe anaiphunzira mwezi wathunthu. Mayi wina anathamanga kukaphimba keke ndi chitenje. Achemwali ndinkawaona akutsegula pakamwa n'kutseka, koma mawu awo sindinkawamva, ndipo iwonso sankadzimva.

Ndinapitiriza, poganiza kuti makutu a anthu azolowera. Chomwe chinandiimitsa ndi perekaniperekani. Wolengeza ankaitana a kuchimuna, a kuchikazi, anzake a mkwati a kuntchito, koma palibe ankanyamuka, chifukwa palibe ankamva kuti waitanidwa, ndipo ena amene ankamva anapezerapo mwayi. Tcheyamani wa komiti ya ukwati anabwera kutsogolo thukuta lili kamukamu.

"Zimitsani jenereta!" anakuwa.

"Kulibe jenereta, bwana," anayankha wometa. "Magetsi alipo."

"Nanga chikulirachi n'chiyani?"

Onse anayang'ana kwa ine. Ukwati wonse wotsalawo ndinaumaliza phazi lili pansi, kutali ndi chopondera, ndikungogogoda timitengo pang'onopang'ono, ndipo wa kiyibodi anadina kabatani kake kaja osandiyang'ana kumaso.

Lolemba tinagulanso bandulo. Mzungu wandevu uja anali ndi vidiyo ina, yomwe tikanaonera poyamba. Anati ng'oma ikamalira mopitirira, ikanimo pilo. Ndinatenga pilo wanga, ndinamasula chikopa, n'kumuikamo. Zinasinthako pang'ono. Ndinawonjezera pilo wa mkazi wanga. Loweruka linalo ndinaikamonso bulangete, kenaka zitenje ziwiri zakale ndi juzi yanga ya nthawi yozizira. Zinafika poti Lachisanu lililonse bedi linkasamukira m'ng'oma, n'kudzabwerera Lamlungu likununkha fumbi la m'maholo.

"Mapilo anga apita maukwati ambiri kuposa ine," anatero mkazi wanga tsiku lina akuwayanika pa chingwe. "Mwina muzinditengako ine, iwo azitsala."

Ku loji kuja tinapita Lamlungu lachitatu. Bwana uja atangoona madiramu anamwetulira, anatijambula ndi foni yake, n'kutiika pakhonde lalikulu pomwe alendo ankadyera. Tinayamba nyimbo yofatsa. Ngakhale munali mapilo awiri ndi bulangete, matambula a pa tebulo lapafupi anayamba kugundana okha. Mlendo wina wachikulire anagwira pachifuwa n'kuyang'ana mkazi wake. Bwana uja anabwera akuyenda chonyang'ama.

"Aphunzitsi, maonekedwe ali bwino kwambiri," ananong'ona. "Koma mungathe kuimenya moti izioneka yokha, osamveka?"

Anapita n'kubwera ndi matawulo anayi a m'zipinda za alendo. Tinaima kaye, ndinamasula mabawuti alendo akuonerera, ena akujambula poganiza kuti ndi mwambo wa kuno, n'kukankhiramo matawulowo. Nditamanganso ndinaponda. Inati dup. Ndinapondanso: dup, dup. Anali mawu omwe aja ndinawamva ku Katuli pa fotini, kungoti tsopano kuti amveke panafunika bedi langa lonse ndi matawulo a eni ake, ndipo ng'omayo inkafuna amuna awiri kuti inyamuke.

"Mwamva?" anatero wometa. "Ulemerero."

Achemwali anaseka mpaka analephera kuyamba ndime yachiwiri.

Mawa lake ndinaimbira bambo wa ku Katuli kuti tisinthane. Ndinayamba ndi kufunsa za banja, za mvula, za nandolo, kenaka ndinafika pa nkhani.

"Aa, amigo, fotini inapita," anatero. "Anatenga a kwaya ina. Akuti ikuwakomera kwambiri."

Ndinapirira nayo miyezi inayi. Akabaza a pa siteji yathu ankati akandiona ndikubwera Loweruka m'mawa, aliyense ankapezeka kuti tayala lake laphwa. Bondo langa lamanja linayamba kuwawa, mpaka ana a m'kalasi anaona kuti ndikutsimphina pofufuta bolodi. Pamenepo m'pamene achemwali anati ali ndi msuweni wawo amene amakhoma mabwato amatabwa m'mbali mwa Shire, ndipo palibe thabwa limene limamukanika.

"Mukufuna ndipereke chida choimbira kwa wokhoma mabwato?" ndinafunsa.

"Nanga mapilo aja munawapereka kwa ndani?" anayankha.

Tinapita tsiku la tchuthi m'mawa. Mmisiriyo anali bambo wamtali wowonda, pensulo ili kukhutu, akugwira ntchito pansi pa chisakasa pakati pa mabwato awiri osamaliza. Anaizungulira ng'omayo, anaigogoda ndi chala, anasuzumira mkati n'kutulutsamo juzi yanga. Anafunsa kuti ndikufuna ichepe bwanji. Ndinati mainchesi anayi. Anati iye za mainchesi sadziwa, amayeza ndi zala, koma ine ndinali nditabwera ndi rula ya kusukulu.

"Zaka zonsezi anthu amabwera kuti ndiwatalikitsire bwato," anatero akumasula tizitsulo togwira mabawuti. "Wofuna kufupikitsa ndinu woyamba."

Anajambula mzere kuzungulira thupi lonse la ng'omayo, anaigoneka pa matabwa awiri, n'kutenga sowo. Sowoyo italuma koyamba ndinatembenuka n'kumayang'ana asodzi akusoka maukonde. Kunena zoona ndinamva chisoni. Inali yondizunza, koma inali chinthu chachikulu kwambiri chomwe ndinagulapo ndi ndalama zanga.

Kudula koyamba sikunawongoke. Titabwezeretsa chikopa, mbali ina chinachita makwinya ngati chipumi cha munthu wokwiya, ndipo nditaponda inalira ngati katoni. Mmisiriyo sanadandaule. Anati bwato nalonso silikhala bwino tsiku loyamba. Anapita kumzikiti kukaswali, atabwerako anaiika chozondoka pa chitseko chakale chosalala kuti aone pomwe pakulowa kuwala, n'kuyamba kupala pang'onopang'ono, akupala, akuyesa, akupala, akuyesa. Kenaka anasalaza m'mphepete ndi sandipepala, anaboola mabowo atsopano a tizitsulo tija ndi a miyendo, n'kumanga zonse. Nditayeza ndi rula, kuya kwake kunali mainchesi satini ndi kachidutswa. Sinali eyitini, sinalinso fotini. Ng'oma ya muyeso umenewo sindikhulupirira kuti ilipo ina pa dziko lino.

Ndinaponda pomwepo, pakati pa mabwato. Dup. Munalibe pilo, munalibe bulangete. Phazi linayamba kuthamanga lokha, ndipo mmisiriyo, amene ankati nyimbo za bandi sazikonda, ndinamuona akugwedeza pensulo.

Chidutswa chomwe chinadulidwa, chozungulira ngati mkombero wa lichero, achemwali anachitenga. Msuweni wawoyo anawakhomerapo kaneti, ndipo mpaka lero amavundikirira nsomba pamsika kuopa ntchentche. Alamu, omwe n'kuti atabwerera ku Joni, anamva nkhaniyi kwa mlongo wawo, n'kundiimbira.

"Mwachita bwino, alamu," anatero. "Kuno masiku ano aliyense akumenya zosaya. Ndinkafuna kukuuzani kalekale, koma ndinaona kuti mtima wanu uli pa yaikulu."

Ndinawathokoza chifukwa cha uphungu wawo.

Kuyambira pamenepo zinthu zinayenda. M'maholo mawu a achemwali anayamba kumveka, oitanidwa ku perekaniperekani anasowa pothawira, ku loji tinaimba nyengo yonseyo, ndipo tebulo linabwerera m'nyumba.

Patapita mwezi ndi theka tinkaimba pa ukwati wina wapabwalo kwa Mponda konkuno. Titapuma kuti anthu adye, kunabwera bambo wina wokalamba, wovala mkanjo woyera ndi kachipewa koluka, ndodo ili m'manja. Sindinkawadziwa. Anaima kutsogolo kwa madiramu, anawerama n'kuyang'anitsitsa ng'oma yapansi ija.

"Aphunzitsi, ija ili kuti?"

"Ndi yomweyi, ambuje. Tinangoidula."

"Munaidula?" Anandiyang'ana ngati ndawauza kuti ndapha ng'ombe ya mkaka. "Mwalakwitsa kwambiri."

Ndinaganiza kuti ndakumana ndi katswiri winanso, ndipo ndinayamba kuwafotokozera za mawu aafupi ndi aatali. Anandidula ndi dzanja. Anati iwo amakhala kutsidya kwa mtsinje, ndipo miyezi ija, tikamaimba maukwati apabwalo, pomwe ndinkachotsamo mapilo, ng'omayo inkamveka mpaka pakhonde pawo. Akangoimva ankadziwa kuti kwinakwake kwaphikidwa mpunga. Ankavala mkanjo, kukwera bwato, n'kumatsata mawuwo mpaka kufika.

"Tsopano maukwati awiri andidutsa," anatero. "Ndinangomva Lolemba kwa anthu. Wa lero uno ndaudziwa mwamwayi, ndinaona mbuzi ikudutsa pa njinga."

Ndinapepesa. Anati kupepesa sikuthandiza, koma ndiwauze komwe tikaimbe Loweruka likubwerali ndi linalo. Ndinawauza. Anabwereza mayina a malowo kawiri kuti asaiwale, kenaka anafunsa ngati kukakhale nyama ya mbuzi kapena nkhuku yokha. Ndinati zimenezo a bandi satiuza. Anapukusa mutu, anagogoda ng'oma yanga kamodzi ndi ndodo yawo, n'kupita kukaima pa mzere wa mpunga.